Mbiri ya malemu Eveles Nampinga, amene anabweza mipando pamsewu

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1974 kumunsi kwa phiri la Michesi, m'nyumba yaudzu imene ine Fletcher, mlongo wawo, ndinadzaigwetsa n'kumanga yamalata. Ndafika ku Joni, ku Nampula ngakhale ku Dubai, koma maliro aakulu ngati ano sindinawaonepo, ndipo wawakonza ndine.

Sukulu tinayamba limodzi mu 1981. Ine ndinalekeza Sitandade 6 n'kuyamba geni ya nandolo. Iwo anakafika kuyunivesite n'kuphunzira masamu, ndipo makolo ankangotchula iwo basi. Mu 2001 anakwatiwa ndi a Cornelius Nampinga.

Ntchito yawo inali yowerengera kayendedwe ka mliri: wodwala mmodzi apatsira angati, anthu akatalikirana chiwerengerocho chitsika bwanji, ndipo abayidwe katemera angati kuti matenda asowe polowera.

Mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta, mayi athu anatisiya. Ndinabweretsa mipando 600 pa malole anga. A Eveles anaima pamsewu, natsitsa 50 yokha, nabweza yotsalayo pamodzi ndi khamu la anthu, nayala 50 ija motalikirana, naletsanso kugona pasiwa. Anati masamu awo akuonetsa kuti chikhamu chibala maliro ena ambiri m'mudzi muno. Mayi wobereka munthu ngati ine anaikidwa ngati mlendo wodutsa. Achemwali ataona mmene zinandiwawira, anandilonjeza kuti pa maliro awo ndidzayale mipando yonse.

Katemera atabwera, anayenda mudzi ndi mudzi kufotokozera anthu. Galimoto inali yanga, mafuta anga. Lero kuno kuli ana anayi otchedwa Eveles, pamene wotchedwa Fletcher alipo mmodzi, ndipo ndi ng'ombe yokoka ngolo. Mjigo ndinakumbitsa ndine, koma nonse mumati ndi wa kwa a Eveles.

Mu Ogasiti 2024 anawapeza ndi khansa. Anamwalira pa 3 Juni 2025. Asiya amuna awo, ana awiri, Madalo ndi Tikondwe, mdzukulu mmodzi, komanso ine.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, ampingo, adzukulu okumba manda, ndi amayi amene agona pasiwa, popeza lero palibe wowaletsa.

Achemwali, lonjezo lanu lakwana. Mipando yonse 600 ndayala, ndipo yachepa. Ambiri aimirirawo ndi omwe munawabweza pamsewu tsiku lija, ndipo onse adza ndi miyendo yawo. Ngakhale pano mwandiposa. Mzimu wanu uuse mumtendere.