Pikiniki ya a Simoni a Kabaza

Ngakhale Mlengi anapumula atamaliza ntchito yake, a Simoni a kabaza pa Njuli anali asanapumulepo Loweruka chikwatirireni. Koma popeza anadzudzula amuna anzawo kumphakati, kagulu kawo ka mapemphero ka m'mudzi, kuti amathera Loweruka pabawo m'malo mocheza ndi mabanja awo, nalumbira kuti Lamulungu adzaimirira kufotokoza mmene iwo achezera ndi lawo, m'mawa wa Loweruka limeneli anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, nakunga mkeka, naitana akazi awo a Selestina.

"Amake Tikhala, mwakonzeka?"

"Ndakonzeka. Ana asamba, makata a nandolo ndaphika, thobwa lili m'chigubu, chitenje cha parishi ndavala monga munalamulira dzulo. Tsopano nenani, tikupita kwa ndani?"

"Sitikupita kwa munthu."

"Nanga?"

"Kupikiniki," anatero a Simoni akukonza kolala.

A Selestina anaika chigubu pansi. "Fotokozani m'Chinyanja."

"Ndinanyamula bambo wina wa ku Limbe, ndiye anandiuza. Akuti Loweruka amatenga mkeka, chakudya ndi ana, n'kupita pamalo abwino. Akhala, adya, ana asewera mpira, abwerera. Osalipira kanthu!"

"Chakudyacho amachoka nacho kunyumba?"

"Eya."

"Kunyumba kwawoko kulibe pokhala?"

"Kuli masofa, mayi."

"Ndiye amathawa chiyani?"

"Sathawa! Amakapitidwa mphepo."

A Selestina anatambasula dzanja m'mwamba, nadikira kanthawi. "Mphepo ya pano ikupita bwinobwino."

"Ife tikakhala pathanthwe lija la m'munsi mwa phiri. Ana akaone phiri la Chiradzulu, ayamike ntchito za Mulungu."

"Silo phirilo? Likuoneka tili pakhonde pano. Chibadwire akuliona."

"Akalione pafupi!"

"Pafupi silioneka lonse, bambo a Tikhala."

A Simoni anapuma mozama, nakumbukira kuti chipatso china cha Mzimu ndi kuleza mtima. "Nyamulani chigubu tizipita."

"Chabwino. Poti tidutsa pachigayo, mangani kathumba ka chimanga kaja panjinga."

"Iyayi."

"Ndiye nditenge chingwe, pobwerera titole nkhuni."

"Iyayi! Lero si tsiku la ntchito. Marita iwe, Marita! M'bale wako Mariya anakhala pansi, n'kusankha dera labwino."

"Marita akanakhalanso pansi, Ambuye akanadya chiyani?"

"Musatsutsane ndi Malembo!"

"Sindikutsutsa, ndikufunsa. Nanga anthu akatifunsa panjira kuti ulendo wa kuti, tiyankha chiyani?"

"Tikungoyenda."

"Banja lonse? Mkeka pamutu, zovala za kutchalitchi, chakudya m'dengu? Aneba athu a Thokozile atseka kagolosale kawo n'kutitsata ndi mbale ya ufa. Tikamafika pathanthwe tidzakhala tili ndi kwaya m'mbuyo, ikuimba za maliro."

"Tidzawauza kuti palibe wamwalira."

"Adzati tikubisira ana."

"Ngakhale Ambuye anatenga ophunzira awo kupita kwaokha kuti akapumule!"

"Eetu. Ndipo khamu linawatsata, linafuna chakudya. Inu makata awa mutha kuwachulukitsa?"

A Simoni anamenya chishalo cha njinga ndi chikhatho. Nkhuku zinabalalika.

"Tamverani, mayi. Ngati nkhani ndi kusewera," anapitiriza a Selestina modekha, "Tikhala asewere phada pabwalo pano, Levi amange mpira wa majumbo, inu mukhale pachigoli. Ine ndizisenda chinangwa ndikuonerera."

"Zapakhomo ndi za sabata la mawa. Ndinauza mphakati wonse kuti ndiyamba ndi zakunja. A Funsani anandiseka, amvekere wa kabaza sangasiye msika wa Loweruka. Mawa ndikufuna ndiwayang'ane m'maso."

"Ndiye ndi za a Funsani?"

"Ndi za inu! Ndikufuna ndicheze nanu!"

A Selestina anawayang'anitsitsa amuna awo kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Kenaka anatsitsa mawu.

"Bambo a Tikhala, adokotala akuuzani chiyani?"

"Adokotala ati?"

"A ku Nguludi. Nenani, ndine wamkulu. Ndipirira."

"Sindikudwala ine! Dzulo lomwe ndakwera chitunda cha kumishoni ndi mayi wonenepa, wanyamula ndi nkhuku zomwe, osatsika!"

"Ndiye wamwalira ndani kwanu?"

"Palibe!"

"Ngati si matenda, si maliro," a Selestina anagwedeza mutu pang'onopang'ono, "ndiye kuti ndinaganiza bwino."

"Munaganiza chiyani?"

"Maulendo amene munanditengapo chikwatirane ndimawadziwa. Kuchipatala ndili ndi pakati. Kumaliro kwanu ku Mbulumbuzi. Ndi kwa ankhoswe titayambana. Ulendo wina sindiudziwa ine."

"Uno ndi watsopano!"

"N'chifukwa chake ndinawaimbira foni achimwene a Denis."

Mkeka unagwa m'khwapa mwa a Simoni n'kudzitambasula wokha pansi.

"Alamu? Munawaimbira kuti chiyani?"

"Si ankhoswe anga? Ndinangobwereza mawu anu, osawonjezera, osachotsera. Ndinati bambo a Tikhala akuti mawa ndivale bwino, ana asambe, tikakhale kwatokha kopanda anthu, ndipo ndisafunse chifukwa."

"Ndimafuna chikhale chodzidzimutsa! Bambo wa ku Limbe anati akazi amasangalala ukawadzidzimutsa!"

"Ndinadzidzimukadi. Tulo sindinatione."

"Ndiye alamu anati chiyani?"

"Anati, mayo ine! Kenaka anafunsa ngati pali zizindikiro zina. Ndinawauza za mandasi."

"Mandasi alakwa chiyani?"

"Munabwera nawo dzulo, pakhomo popanda wodwala. Munandipatsa ndi manja awiri. Munatinso zikomo chifukwa cha ndiwo."

"Si chikondi chimenecho?"

"Achimwene anati pamenepo ndiye nkhani ndi yaikulu."

"Yesu, Mariya, Yosefe!" A Simoni anagwira m'mutu. "Aimbireninso! Auzeni asabwere!"

"Anyamuka kale. Komanso sali okha."

"Ali ndi yani?"

"Nkhoswe mmodzi saweruza banja, mukudziwa inu. Adzera ku Mbulumbuzi kukatenga atsibweni anu a Lawrence."

A Simoni anakhala pamkeka osadziwa kuti akhala. Atsibweni awo a Lawrence anali munthu wopemphera, wa korona m'khosi, koma pa milandu ya mabanja anali ngati Yobu: amadikira mpaka choonadi chituluke, ngakhale pafunike kugona pakhonde.

"Mkulu uja ndi maondo ake aja?"

"Akuti asiya dimba osathirira."

"Chabwino," a Simoni anadzuka msangamsanga. "Tiyeni tithawe. Akapeza pakhomo palibe munthu, abwerera."

"Ndawauza za thanthwe."

"Munalidziwa bwanji thanthwe? Ndangolitchula pompano!"

"Munauza Levi kuti asauze munthu. Levi anauza ine kuti ndisauze munthu. Ine ndinauza ankhoswe, poti ankhoswe sabisiridwa."

"Ndiye tiwatenge! Nawonso akaone phiri!"

"Atsibweni akwere thanthwe? Akadye makata? Ankhoswe akabwera, nkhuku imafa, bambo a Tikhala. Uja tambala wofiira ndam'tsekera kale m'dengu."

"Tambala wa Khirisimasi?"

"Simunati lero ndi tsiku la banja?"

A Simoni anayang'ana kumwamba, kumene kumachokera thandizo, koma anangoona khwangwala. Anazungulira mtengo wa mango, nabwerera ataimika chala.

"Ndiwauza chilungamo. Ndinena kuti atsibweni, alamu, pepani, pano palibe mlandu. Timangofuna kukakhala pathanthwe."

"Akafunsa kuti kukatani?"

"Kukadya!"

"Akafunsa kuti pakhomo panu palibe pokhala?"

"Kukapitidwa mphepo!"

A Selestina anapinda manja. Anangowayang'ana. Ndipo a Simoni anamva mawu awo omwe mmene adzamvekere m'makutu mwa nkhalamba imene yasiya dimba n'kukankha njinga kuchokera ku Mbulumbuzi.

"Sakhulupirira," anatero chapansipansi.

"Ngakhale ine sindinakhulupirirebe."

"Adzati ndikubisa."

"Adzati mukubisa chachikulu. Avula nsapato, apempha madzi osamba. Pa mlandu wa banja la a Shabani, atsibweni anakhalako mpaka anathandiza kukolola nandolo."

"Ndiye pikiniki yatha! Mawa ndiimirira kumphakati kunena chiyani? Kuti ndinacheza ndi atsibweni?"

"Munene zoona. Bodza ndi tchimo."

Chapatali kunamveka belu la njinga, kenaka chifuwa cha munthu wamkulu. A Simoni anasuzumira kuseri kwa nandolo wa m'mphepete mwa bwalo. Njinga ziwiri zinali kutsika kanjira, ina yokwera, ina yokankha. Wokankhayo anavala jekete lakuda ndi chipewa cha milandu.

"Avala jekete," ananong'ona a Simoni. "Amake Tikhala, avala jekete!"

"Ndikaphe tambala?"

"Dikirani! Tamverani. Atsibweni sachoka asanagamule. Koma akagamula sachedwa: alangiza, apemphera, tigwirana chanza, adya, anyamuka. Dzuwa likamapendeka ife tili pathanthwe, mawa ine ndili ndi lipoti."

"Agamula chiyani? Mwakhala mukukuwa chim'mawire kuti palibe mlandu."

"Tiupeza!"

"Ine umboni wonama sindichita. Mawa ndikufuna kulandira Ukaristiya."

"Sindikuti wonama, mayi! Woona, koma waung'ono. Kamlandu koti kathe madzi osamba m'manja asanazizire."

"Kamlandu ka yani?"

"Kanga! Ndivomera pompo, ndipepesa, basi." A Simoni anawagwira dzanja akazi awo, belu likumveka pafupi ndi khola la mbuzi. "Taganizani msanga, chonde. M'banja muno, pali chilichonse chimene ndinakulakwiranipo?"

Kwa nthawi yoyamba m'mawa wonsewo, nkhope ya a Selestina inawala ngati ya munthu amene pemphero lake layankhidwa. Anamanga chitenje bwinobwino, nakhala pamkeka, natambasula miyendo.

"Tiyambire chaka chino, bambo a Tikhala, kapena tiyambire kuukwati?"