Magetsi Akugwira Wometa

Lolemba m'mawa wometa sanatsegulire makasitomala. Anaitanitsa mlamu wake, wokonza zamagetsi, n'kumuuza kuti kwa masiku sikisi magetsi akhala akumugwira, ndipo vuto lili m'mawaya a shopu, osati kwina.

Kwinako n'kumene sankafuna kuti munthu asuzumireko. Chaka chatha, mchimwene wake atamwalira, wometayu anadwala matenda okhumudwa mpaka kumalephera kudzuka pabedi. Adokotala anamupatsa mapiritsi, namuuza kuti nthawi yosiya ikadzakwana adzachepetsa pang'onopang'ono. Mkuluyu atangoyamba kupeza bwino anati mwamuna sasiya mankhwala monyengerera ngati mwana womuletsa kuyamwa. Anangosiyiratu kamodzin'kamodzi, mkazi wake osadziwa. Tsono mkazi wakeyo ndi mlongo wa wamagetsiyu, ndipo wamagetsiyo ndi munthu woti ukamuuza kuti adikire pompo ukamupeza pomwepo mawa, mvula itamunyowetsa.

"Amakugwirani mukakhudza chiyani?" anafunsa mlamuyo, akusolola tesita yoyezera magetsi m'thumba la ovololo.

"Makina ometera."

Mlamu anayeza makina, soketi, ndi chingwe chonse mpaka ku pulagi.

"Zili bwinobwino."

"Ndiye ndi ketulo."

"Ketuloyi sinalumikizidwe."

"Ndiye ndi mpandowu."

"Ndi wamatabwa, alamu."

"Matabwa a masiku ano simungawadziwe."

Munthu wina akanaseka. Uyu anagwada, n'kuyeza mpando mwendo umodziumodzi, kenaka n'kudzuka akusasa fumbi m'mawondo.

"Amakugwirani pati? Chala kapena chikhatho?"

"M'mutu."

"Mumakhudza soketi ndi mutu?"

"Ndine mwana ine? Ndikangotembenuzira maso kumanzere, zii-zii, ngati munthu wandilasa ndi waya muubongo."

Mlamu anayang'ana kumanzere, anaona galasi, napita kukayeza galasilo.

Wometa anaona kuti atsala pang'ono kugwidwa, ndiye anawonjezera milandu. Anati pansi pa shopu papendekeka, chifukwa akaimirira amamva chizungulire, moti Loweruka lumo linangotsala pang'ono kuchotsa khutu la kasitomala. Mlamu anatulutsa levulo yoyezera kupendekeka, naigoneka pakhomo, pakati ndi pakona, nati pansi n'posalala kuposa tebulo. Wometa anati nayonso wailesi ili ndi vuto, dzulo inamuliritsa.

"Inakugwirani?"

"Ayi. Amatsatsa sopo."

"Sopoyo ndi wodula?"

"Munali mwana akusamba m'manja, alamu. Ndinalira mpaka mamina. Wailesi yabwinobwino ingachite zimenezo?"

Mlamu analemba m'kabuku kake kuti ayeze wailesi.

"Kunyumba sakugwirani?"

"Mwa apo ndi apo."

"M'basi?"

"Kamodzi kokha."

"Mawaya a shopu ino safika m'basi."

"Inu ndi amagetsi kapena apolisi?"

"Amagetsi," anatero mlamuyo, osakwiya ngakhale pang'ono. Anati njira yatsala imodzi: kuzimitsa shopu yonse pa bokosi la pakhoma, aone ngati munthu angagwidwe ndi magetsi amene kulibe.

Wometa anadzambatuka. Anathamanga n'kukaima kutsogolo kwa bokosilo, manja atatambasula.

"Limeneli musatsegule."

"Mwati vuto lili m'mawaya."

"Eya."

"Mawaya onse amakumana m'menemu."

"Kupatula ovutawo."

Mlamu anamusuntha ngati akusuntha makwerero, natsegula. Timapiritsi toyera tinagwa, n'kumwazika pansi posalala paja. M'mawa uliwonse wometa ankanyamuka ndi piritsi limodzi kunyumba, ati akamwera tiyi ku shopu, n'kumaliponya m'bokosimo, podziwa kuti mkazi wake amaopa magetsi kuposa njoka. Kutaya kudzala mtima sunkamulola.

Swichi yaikulu inati thapu, m'shopu n'kuchita kamdima. Wometa anaponya maso kumanzere kuti aone nkhope ya mlamu wake, ndipo pompo anadzidzimuka, mapewa m'mwamba.

"Agwiranso?"

"Ayi."

"Mwadumpha."

"Ndi otsalira m'mawaya."

"Magetsi satsalira, alamu. Si madzi a m'paipi."

Mlamu anatola mapiritsi aja, nawandandalika pa shelefu pakati pa zipeso ndi botolo la sipiriti. Anakhudza limodzi ndi tesita.

"Awa alibe mphamvu ya magetsi," anatero. "Koma pantchito yathu timafunsa chimene chinasintha vuto lisanayambe. Mapiritsi alipo naini. Vuto lili ndi masiku sikisi. China chasintha muno n'chiyani?"

Wometa anafunafuna bodza lina m'mutu, koma m'mutumo munali chizungulire chokhachokha. Anakhala pampando wamatabwa uja. Kunena zoona ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, chifukwa adokotala anamuchenjeza zonsezi, mpaka za kumva ngati shoko ya magetsi. Chimene chinkamuopsa si shoko ayi.

"Ndimafuna achemwali anu aone kuti ndinachira," anatero motsitsa mawu. "Chaka chathunthu akundisunga ngati dzira. Ndikabwerera kwa adokotala, ndiye kuti ndikadali munthu uja wapabedi."

"Ine si dokotala," anatero mlamu. "Koma kufakitale makina aakulu sitiwazimitsa pozula pulagi. Timatsitsa pang'onopang'ono, ndipo amatsitsa ndi amene anawayatsa. Sikuti amakhala atawonongeka."

Wometa anapukuta m'maso ndi thaulo la makasitomala, nanena kuti ndi sopo uja. Anati apita lero lomwe, adokotala akanene okha chochita, koma mlamu asakauze mlongo wake. Mlamu anayankha kuti iye sayambitsa nkhani, koma akafunsidwa chimene wapeza m'bokosi adzati mapiritsi naini. Wometa anausa moyo, nati basi, akanena yekha asanafike kuchipatala, popeza kukalipiridwa n'kwabwino kusiyana ndi kudula khutu la munthu.

Mlamu anabwezera magetsi. Wometa anakulunga mapiritsi m'kapepala, natenga makiyi, natambasula dzanja kuti azimitse babu pa kaswichi ka kuseri kwa chitseko. Anangoti khu, dzanja linabwerera lokha, makiyi n'kugwa.

Anatseka maso, napuma mozama, ngati munthu amene wavomera mlandu wake.

"Musadandaule, alamu. Ndi mutu wanga. Ndavomera."

Mlamu anaika tesita pa kaswichiko. Kanyali kanayaka psuu.

"Ayi, alamu. Uyu ndi waya."

"Ndi mapiritsi, ndikukuuzani."

"Ndi waya, ndipo ndi woti akanakuphani."

"Nanga m'mawa wonsewu mumayeza chiyani?"

"Zimene mumandiuza," anatero mlamuyo, akuvula ovololo kuti aperekeze mnzake. "Zovuta zenizeni inu simuzitchula."