Ndinamuuza akanene kuti alibe chofooka

Malemu amayi anga anandichenjeza ndili mtsikana kuti ndisamauze munthu pamene pakundipweteka, chifukwa tsiku lina adzapondapo dala. Ndakalamba nawo mawu amenewo kuno ku Chintheche. Sindidya kwa eni, ndipo chinangwa changa ndimaviika kwandekha, kutali ndi amayi anzanga.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndinamulera kuyambira ali khanda, anamuitana ku intavyu ya ntchito pa loji ina ya alendo ku Kande. Anati, "Agogo, akuti amafunsa kuti chofooka chako n'chiyani. Ndikayankhe bwanji?"

Ndinati, "Ukanene kuti ulibe. Akufuna podzakuchotsera ntchito amenewo."

Anakanenadi choncho. Bwana wa pamenepo anangotseka mapepala ake, n'kumuuza kuti munthu wopanda chofooka iwo sangathe kumuphunzitsa ntchito. Mwanayo anabwera osalira, komanso osandiyang'ana kumaso.

Atamuitana ku hotela ina ku Lilongwe, sanandifunsenso nzeru. Anadzandiuza pa foni kuti atamufunsa funso lomwe lija, anawayankha kuti, "Sindidziwa kupempha thandizo, chifukwa kwathu sitipempha, koma ndayamba kuphunzira." Anamulemba ntchito.

Akanalembedwa pa Kande pompa, bwenzi akugonabe m'nyumba muno. Ndinamutumiza kutali ndine ndi malangizo anga. Tsopano maondo akukana, dengu sindingathenso kulisenza, ndipo sabata imatha popanda wondiodira pakhomo.

Inu omvera a kuno kunyanja, mukamadutsa n'kuona nyumba yotseka mazenera masanasana, gogodani. Ndidzayamba ndakufunsani chimene mukufuna, nkhope ili gwa. Ndikachedwa kutsegula musabwerere ayi, ndidzakhala ndikukufunirani mpando.