Ndinakankha kapu ya tiyi pa Biriwiri

Okondedwa omvera, bambo akunyumba atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, tinanyamuka pa kagalimoto kathu kukaona ana athu onse, kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Iwowa amadwala shuga. Tsiku lachisanu anasala kudya popempherera ulendo, koma mapiritsi anamwa.

Titafika pa Biriwiri anaimika galimoto mokhotakhota, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, lilime litalemera. Ine sinditha kuyendetsa. Ndinangowagwira mutu n'kumafuulira Yehova.

Mayi wina wogulitsa mbatatesi anathamanga ndi tiyi wake wotsekemera kwambiri.

"Ayi, mundiphera mwamuna! Ali ndi shuga!" ndinakuwa, uku ndikukankha kapu.

"Amayi, chotsani dzanjalo," anatero mayiyo. "Shugayo watsika. Kwathunso bambo amatere."

Ndinachotsa dzanja. Bambo akunyumba anamwa pang'onopang'ono, kenaka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi, mukulira chiyani?"

Kuchipatala anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono, tikanawataya. Mpaka lero ndimakumbuka: pakamwa ndinkapempha Mulungu chithandizo, dzanja langa likuchikankha. Abale odwala shuga, musanasale kudya, yambani mwafunsa adokotala.