Mbale za Adadi

— Halo?

— Halo, achemwali a Lorraine? Ndine Vince.

— Mlongo ndili naye mmodzi, ndingamusokoneze mawu? Uli bwanji?

— Ndili bwino, kaya inu ku Guildford kumeneko?

— Tili bwino. Mlamu wanga Bev, chiuno chija chikupola?

— Wayamba kuyenda ndi ndodo. Nanga alamu a Julian? Ana?

— Onse ali bwino. Halo? Ukumveka ngati uli m'chitsime.

— Netiweki ya kuno ndi yovuta. Dikirani ndituluke m'takisimu... Pano bwanji?

— Bola pamenepo.

— Koma lero ndachita mwayi, galu wanu mwamunyamula.

— Wayambatu. Imatchedwa foni, Vince. Munthu wa imvi kale, ukadali ndi ziyankhulo za pamsika?

— Dog and bone, phone. Adadi anatilera nazo zimenezi. Zimasangalatsa zikalembedwa pa makapu ogulitsa kwa alendo odzaona mzinda basi, eti? M'kamwa mwa eni ake ndi zonyansa.

— Waimbira zimenezi? Ndili ndi alendo madzulo ano, nyama ili mu uvuni.

— Ayi. Ndimati ndifunse, kwa adadi kunyumba ya okalamba kuja munapitako liti?

— Lamulungu lapitalo, ndi linzake lija. Iweyo bwanji? Masabata asanu ndi awiri osapondako phazi.

— Ndimasamala Bev, mukudziwa. Munawapeza bwanji?

— Monga mwa masiku onse. Mutu wawo uja. Kumangobwebweta.

— Ankabwebweta zotani?

— Aaa, Vince, ndikanazilemba? Ankaitana Rosie.

— Eya. Ndaziona m'faelo yawo. Alembamo kuti nkhalamba ikusaka mkazi wake, Rosie. Mayi athu dzina lawo linali Queenie! Munthu akungopempha tiyi. Rosie Lee, tea. Zaka zonse ankanyamula nsomba kumsika, m'mawa uliwonse ankatero. Inuyo ndi amene munkawapangira.

— Tiyiyo amawapatsa ndithu. Palibe wafa ndi ludzu.

— Nanga za mbale? Halo? Mulipo?

— Ndilipo.

— Mtsikana wowasamalira uja, Anjali, wandiuza zonse. Mwezi wathunthu adadi akulira kuti mbale zanga zikundipha, mbale zanga. Iye, mwana wa eni ake, anawasinthira mbale katatu. Anachita kukagula yapulasitiki, yofiira, ndi ndalama zake. Wabwera m'dziko muno chaka chatha, Chingerezi chake ndi cha m'buku, akanadziwa bwanji? Lero ndachita kumuphunzitsa ngati kusukulu: plates of meat, feet. Timatenga mawu omveka mofanana, kenako timadula mchira, n'kutsala mbale. Mbale ndi mapazi. Wangokhala pansi n'kuyamba kulira.

— Iwowo sawasambitsa? Ntchito yawo ndi chiyani? Akanaona okha!

— Mukuwadziwa adadi, masokosi savula pamaso pa munthu. Ankawakankha. Za osamalirawo ndithana nazo, musadandaule. Koma Anjali anakufunsani inu, achemwali. Anati, amayi, mbalezi akutanthauza chiyani? Munamuyankha kuti chiyani?

— Sindikukumbukira.

— Ndikukumbutseni. Munati, musawamvere, ndi zamkutu za kumsika, sizitanthauza kanthu.

— Julian anali pomwepo, ndi abwana a nyumbayo, ndipo...

— Julian! Julian yemwe uja amauza ana kuti use your loaf? Amadziwa kuti ndi loaf of bread, head? Akanena iye ndi nthabwala ya anthu ophunzira. Akanena adadi ndi misala.

— Usandiweruze iwe. Sunaimikidwepo pampando kalasi yonse ikukuseka, mphunzitsi akukubwerezetsa mawu amodzi kakhumi. Ntchito yanga yoyamba kubanki, bwana anandiuza kuti ndi kamwa limenelo ndizikhala kuseri, makasitomala asandimve. Ndinachita kulitsuka lilime langali ndekha, pagalasi, tsiku ndi tsiku. Iwe unangolowa m'takisi, kumene alendo amakupatsa ndalama ya pamwamba ukawayankhulira zimenezo.

— N'chifukwa chake munawaletsa kuyankhula paukwati wanu? Anagula suti, mawu awo analoweza mwezi wonse.

— Zimenezo ndi zakale.

— Kwa iwo si zakale. Ndingofunsa chimodzi. Munamva, kapena simunamve?

— Vince...

— Munamva?

— Ndinamva. Ndinati ndiimba foni Lolemba, ndikawauze pandekha. Ndimaganiza kuti ndi zikhadabo chabe, kapena nsapato zathina. Kenako Lolemba linadutsa.

— Munthu wa shuga, achemwali.

— Ndiye ali bwanji? Bwanji ukuzungulira? Uli kuti iweyo?

— Ndili panja pa chipatala chachikulu chakwathu chija. Anawabweretsa dzulo masana, thupi likutentha. Masokosi achita kuwang'amba ndi lumo. Phazi lamanzere lawola. Adokotala akuti alidule mawa, m'munsi mwa bondo.

— Mayo ine! Ayi, Vince, ayi. Palibe njira ina? Julian ali ndi mnzake dokotala wamkulu, tikhoza...

— Njira inalipo mwezi watha. Pano akufuna munthu wosayina, poti adadi sangathe. Mapepala owayimira aja ali m'dzina lanu. Paja munati ine sindingamve Chingerezi cha maloya.

— Bwanji sunandiuze dzulo lomwelo?

— Ndikanakutukwanani. Ndiponso ndimadzitukwana ndekha. Ndikanapitako tsiku limodzi lokha, limodzi, ndikanamva ndili pakhomo.

— Ali maso? Akuyankhula?

— Akuyankhula. M'mawa uno nesi anawafunsa pamene pakupweteka. Anayamba kuti mba... n'kudzigwira pakamwa. Kenako anayankhula pang'onopang'ono, Chingerezi choyera ngati cha pa wailesi, chimene sindinawamvepo chibadwire. Anati, ndi mapazi anga, mayi. Pepani, mwana wanga amati ndimayankhula moipa.

— Anatero?

— Kawiri. Nesi anawasisita dzanja n'kunena kuti mwayankhula bwino, agogo. Iwo n'kumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso.

— Ndikubwera. Ndizimitse uvuni, ndiwauze alendo... Sitima ikakhalapo ndifika isanakwane sikisi. Uwauze kuti ndikubwera, wamva? Uwauze kuti Lorraine...

— Mukawauze nokha. Kaya muwauza m'chiyankhulo chiti. Batire yandithera, ndipo apa wapolisi akuyang'ana takisi yanga.

— Dikira! Wodi yanji? Vince, ali wodi yanji?

— Mukafika pachipata chachikulu mukhotere kuma...

— Halo? Kumanja kapena kumanzere? Vince? Halo!