Mano Ofiira a Ana Anga

Aulutsi, ndiwerengereniko kalatayi. Ndine mayi wa kufupi ndi Sinda.

Zinali m'zaka za Chitaganya. Mano anga ndi ofiira kuyambira ndili mwana, ndipo ana anga awiri atagulula mano oyamba, atsopano anamera ndi mawanga omwewo. Apongozi atabwera kuchokera ku Vubwi, anauza mwana wawo ine ndikumva: "Izi zili m'magazi a akazi akowa. Tiye kwathu ukakwatire wina."

Ndinkakwecha anawo mano ndi makala mpaka nkhama kuchucha magazi, koma osasintha.

Tsiku lina ndinapita nawo kuchipatala cha mishoni, khanda lili kumbuyo. Adresa, othandiza adokotala, atawayang'ana m'kamwa anafunsa, "Amayi, madzi mumatunga kuti?"

"Pachitsime chakuya cha pathanthwe, bambo."

"Ndiye si magazi anu. Madzi ena a pansi pa miyala amachuluka mchere wotchedwa fuloraidi, ndiwo umathimbiriritsa mano akamamera. Wakumbuyoyo muzimutungira kwina."

Ndinalira pomwepo. Amuna anga atamva, anakumba chitsime china kudambo, ndipo za ku Vubwi sanazitchulenso. Mwana uja mano ake anamera oyera mbee.

Adresa inu, ndi dzina lomwe sindinakufunseni. Ngati mukumvera, zikomo: funso lanu limodzi linapulumutsa banja langa.