Sisitala Chalo Sanamwe Chimene Sanawerenge

Abusa, anamfedwa, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ine ndine Felista. Ndinagwira ntchito ya unamwino ndi malemuwa zaka makumi awiri. Mbiri yawo ndiiwerenga m'Chichewa, poti ndi mmene ankafunira. Achinyamata amene mawu ena akuphonyeni, mukafunse makolo anu kunyumba.

Malemu Mayi Eness Chalo, a Nambewe, anabadwa mu 1955 m'komboni ya mgodi wina kufupi ndi Kadoma. Bambo awo anachokera ku Dedza kudzakumba golide, ndipo sanabwererenso kwawo. Sukulu anayambira pamgodi pomwepo, sekondale ku Kadoma, unamwino anakaphunzira ku Harare. Mu 1980 anakwatiwa ndi Bambo Morrison Chalo, amene anatsogola mu 2009.

Ntchito anayambira ku Kadoma, kenako anasamukira kuno ku Chegutu mpaka kupuma mu 2015. Pa mankhwala analibe chibale. Botolo ankaliwerenga katatu: politenga, potulutsa piritsi, ndi polibwezera. Tsiku lina, ndikadali watsopano, ndinapera piritsi n'kuthira m'phala kuti wodwala ameze mosavuta. Anandikalipira mpaka ndinakalira kuchimbudzi. Anati piritsi limenelo linapangidwa kuti lizisungunuka pang'onopang'ono m'mimba, ukalipera mphamvu yonse imalowa m'magazi nthawi imodzi. Madala a m'migodi odwala chifuwa chachikulu ankawauza m'Chichewa kuti amwe mankhwala asanadye sadza, nsima yathu ija. Amayi oyembekezera ankawaletsa kumwera tiyi mapiritsi owonjezera magazi, poti tiyi amawatchinga kulowa m'thupi. Ambiri ankati Sisitala ngovuta. Inde anali ovuta, ine ndine mboni, koma m'manja mwawo simunafe munthu chifukwa cha mankhwala olakwika.

Anali a mpingo wa CCAP, mayi wa Mvano wosajomba Lachinayi.

Atapuma ntchito anatsala okha m'nyumba ya ku Pfupajena, kuno ku Chegutu, ana ali kunja kukasaka mari, ndiye kuti ndalama. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinawapeza, ndipo zaka ziwiri zapitazi maso anayamba kuchita khungu. Anabisa. Ankachita manyazi kuti namwino wamkulu azipempha anansi kumuwerengera mankhwala. Amene ndinkadziwa ndine ndekha. Mabotolo ankawazindikira pokhudza mphira zimene anamangapo: imodzi a m'mawa, ziwiri a madzulo.

Mwezi wathawu mankhwala sanabwere m'mabotolo. Anabwera m'timapepala ta pulasitiki tofanana, mapiritsi onse oyera, ang'onoang'ono. Zala zinalephera kusiyanitsa. Anandiimbira foni kuti ndikawawerengere, ine n'kulonjeza kuti ndibwera Loweruka. Kuchoka kwathu ku Kadoma kufika kuno ndi kombi imodzi yokha. Loweruka loyamba kunali ukwati. Lachiwiri lake ndinangotopa, n'kuganiza kuti wina wawathandiza kale. Iwo ankadikira ine, ndipo sakanameza piritsi lomwe dzina lake sanalitsimikize.

Patatha masabata awiri, anansi anaona kuti chitseko sichinatsegulidwe mpaka masana. Anawapeza atagwa kukhitchini, mbali imodzi itafa ziwalo. Timapepala tonse tinali patebulo, tosatsegula. Anamwalira kuchipatala Lachitatu lapitali, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Ana anandiuza kuti mbali imeneyi ndisawerenge, koma ndakana. Malemuwa anatiphunzitsa kuti namwino akalakwa sabisa, amanena. Ndili ndi chisoni, ndili ndi manyazi.

Asiya mwana wamwamuna, Evance, wa ku Mangalande, amene akutiwonera pa foni chifukwa mapepala sanamulole kubwera. Asiya mwana wamkazi, Ratidzo, amene wafika dzulo kuchokera ku Joni. Asiya adzukulu atatu, Takunda, Tanatswa ndi Mufaro, ndi mng'ono wawo mmodzi, Mayi Yamiko a ku Turf. Asiyanso ine, mnzawo amene ndinachedwa.

Sisitala, ndafika. Apumule mu mtendere.